Mpando wa Pazenera

Uthenga unalowa pafoni Lachiwiri m'mawa, Nasimbi ali pakati posita malaya a mwini famase. Unachokera kwa mlongo wake amene ankakhala kunja kwa dziko. "Achemwali, tikufika pa 20. Ulendo uno tikudzakhaliratu. Alamu anu akuti muyambe kutsegula mazenera m'mawa, nyumba ipite mphepo."

Anauwerenga kawiri, n'kuzimitsa simbi, malaya atasitidwa mkono umodzi. Masabata atatu sankakwana.

Dzina loti Nasimbi anamupatsa ndi anthu a mumsewumo chifukwa cha ntchito yake yosita zovala. Aphunzitsi, anamwino, a kubanki, onse ankasiya mitolo pakhonde la kuseri popita kuntchito n'kudzatenga poweruka. Koma khondelo silinali lake, nyumbanso sinali yake. Inali ya mlongo wake wamng'onoyo ndi mkazi wake. Zaka zinayi zapitazo, awiriwo akupita kunja kukagwira ntchito, iye ukwati unali utangotha, ali ndi masutikesi awiri ndi simbi, alibe kolowera. Anamuuza kuti akhale m'nyumbamo aziiyang'anira, ndipo akadzabwerako chipinda cha kuseri ndi khonde zidzakhalabe zake. Mlamu wake anangopempha chinthu chimodzi chokha: mipando.

Inalipo itatu, sofa ya anthu atatu ndi iwiri ya munthu mmodzimmodzi, yonse ya velveti yofiira ngati chiwindi. Mlamuyo anaisirira pawindo la shopu zaka zitatu, anaigula kutatsala miyezi iwiri kuti anyamuke, moti sanaikhalire n'komwe mokwana. Tsiku lonyamuka analemba malamulo papepala n'kulimata kuseri kwa chitseko cha pabalaza. Makatani a zenera lalikulu azitsekedwa kuyambira 12 koloko mpaka dzuwa litalowa. Mipando izifundidwa nsalu zoyera. Makhushoni azitembenuzidwa mwezi uliwonse. Osapukuta ndi nsalu yonyowa. Wodzola mafuta m'mutu asatsamire.

"Akuba sindikuwaopa, alamu, m'mazenera muli zitsulo," anatero tsikulo. "Ndikuopa dzuwa la pazenera ili."

Chaka choyamba Nasimbi anasunga lamulo lililonse. Pabalaza pankangokhala mdima ndi mipando yofunda zoyera, iye akudyera kukhitchini.

Chaka chachiwiri bambo awo anagwa ndi sitiroko. Anali mmisiri womanga nyumba, munthu wa mapewa aakulu. Dzanja lamanja ndi mwendo zinafa, pakamwa panapotoka, koma lilime linatsala lakuthwa. Nasimbi anawatenga n'kuwagoneka m'chipinda cha alendo, chimene zenera lake linayang'anizana ndi mpanda wa aneba. Munkazizira ngati mufiriji.

"Ine zaka makumi anayi ndili pamwamba pa makoma, dzuwa lili pamsana," ankadandaula madalawo. "Lero ukundisunga ngati mankhwala olembedwa kuti asaone kuwala? Mafupa akuzizira awa, mwana iwe."

Anayesa kumawatulutsa panja. Koma pakhomo panali masitepe atatu, ndipo sabata yachiwiri anagwa onse awiri, madala kung'ambika pachipumi, iye kudzipweteka msana. Anayesa mpando wapulasitiki pabalaza, madala anapendekera kumbali yakufayo n'kugwa nawo. Malo okhawo amene dzuwa linkalowa m'nyumbamo anali pazenera lalikululo, loyang'ana kumadzulo, ndipo mpando wokhawo umene unkagwira munthu wakufa mbali imodzi unali wa velveti, wakuya, wa mikono yonenepa.

Masana ena anaukokera pazenera, n'kuwakhazika pamwamba pa nsalu yoyera ija. Nsalu inatsetsereka, madala n'kutsetsereka nayo.

"Chotsa chinsalu ichi! Ndafa kale kodi?"

Anachichotsa. Anayala pepala lapulasitiki ndi thaulo pokhalira pokha, n'kukoka katani. Dzuwa linagwera pachifuwa pa madalawo, iwo n'kutseka maso, n'kupuma ngati munthu amene watula thumba la simenti.

"Lero lokha," anatero Nasimbi.

Lero lokhalo linatha zaka ziwiri ndi miyezi isanu. Lamlungu lililonse, nthawi yoti a kunja aimbe foni ya vidiyo ikayandikira, ankabweza mpando m'malo mwake, kuufunditsa, kutseka makatani, n'kukhazika madala pabedi.

"Makatani mukutseka, alamu?"

"Mmene munanenera muja."

Ndiye ankazunguliza foni pabalaza ponse kuti mlamu aone yekha. Pobwerera kuchipinda, madala ankamutsinzinira diso labwinolo.

Anamwalirira kuchipatala miyezi inayi yapitayo, pabedi la pafupi ndi chimbudzi, kutali ndi zenera. Mlongo wake sanabwere, anati mapepala a ulendo avuta. Pochokera kumaliro Nasimbi anafunditsa mpando uja ndipo sanaukhudzenso.

Ndiye Lachiwiri limenelo analowa pabalaza, n'kuvula mipando iwiri ing'onoing'ono ija, n'kuikokera pamodzi kuti igundane. Chinthu chimene umachiona tsiku ndi tsiku sudziwa kuti chikusintha. Ankadziwa kuti mpandowo wasuluka, koma ankati pang'ono. Tsopano uli pambali pa mnzake, panalibenso za pang'ono. Mnzakeyo anali chiwindi chomwe chija. Uwu unali utatuwa ngati njerwa yakale.

Komatu sunasuluke wonse. Pakati pa chotsamira panatsala mtundu wakale, ndipo mtunduwo unali ndi mutu wopendekera kumanja, khosi, ndi mapewa aakulu. Pamkono wa kumanja wa mpando panali mzere wofiira wautali, pamene dzanja lakufa lija linkagona osasuntha. Mkono wa kumanzere unatuwa wonse, chifukwa dzanja labwinolo silinkakhazikika, linkangoloza uku ndi uku, kuthamangitsa ntchentche, kumuitana iye.

Nasimbi sanalire. Anatukwana, mawu amene madalawo ankatukwanira njerwa yokhota. Kenako anajambula mpandowo pafoni, n'kuzula khushoni, n'kuiponya m'thumba.

Wokonza mipando anali ndi shedi kuseri kwa mashopu a zitsulo. Anthu ankangomuti a Siponji. Munkanunkha guluu ndi fumbi la mipando ya eni ake, masipulingi ali mbwee pansi, masofa osendedwa atagonekedwa chagada miyendo m'mwamba. Anamupeza atagwada, timisomali tili m'kamwa, akukhomera nsalu. Analavulira timisomalito m'dzanja.

"A Nasimbi! Mwabwera nokha lero? Suti yanga mwaiwotcha?"

"Suti yanu inapsa isanafike kwa ine. Taonani ichi."

A Siponji anatembenuza khushoniyo, anaona m'mphepete mmene thaulo silinkafika, n'kutsegula zipi. Anapinda msoko wa mkati n'kuuika pambali pa nsalu ya kunja.

"Mtundu wake ndi uwu. Wakunjawu ndi wa dzuwa."

"Ndikudziwa. Ndikufuna muubweze."

"Ndiubweze kuchokera kuti? Mayi, litsiro timachotsa, mafuta timachotsa, mkodzo wa ana timachotsa. Koma apa palibe chimene chapakika. Pachoka chinthu. Ndiye ofiirawa ndi amene amayamba kuthawa. Anthu amati poti pali galasi dzuwa silipweteka, ena amapachika timakatani ta lesi topyapyala tija n'kumati atseka. Bodza. Pamafunika katani lokhuthala, la nsalu ziwiri. Apo ayi mpando uzikhala kutali ndi zenera, kapena mumate pepala lakuda lija pagalasi..."

"Zonsezo zinalembedwa kuseri kwa chitseko chathu. Sindinabwerere sukulu kuno. Ivekeni nsalu ina yofanana."

"Nsalu iyi inasiya kubwera. Ngakhale itapezeka, yatsopano siingafanane ndi inzake ija. Ndiye kuti tivule yonse itatu. Mwini wake sangaidziwe mipando yake?"

Nasimbi anaganiza za mlamu wake, amene ankadziwa ndi kuchuluka kwa mabatani a pachotsamira.

"Nanga dayi?"

A Siponji anaseka mpaka kutsokomola. "Dayi ndi wa nsalu ya thonje, yoviika mumphika. Iyi ndi pulasitiki yovala ubweya, siimwa kanthu. Mudzapaka, mlendo adzakhala, podzuka adzanyamuka nawo kumatako. Tandionetsani mpando wake."

Anawapatsa foni. A Siponji anaiyandikiza kumaso, n'kuitalikitsa, kuseka kuja n'kutha.

"Awa si madala aja?"

"Ndi mpando."

"Akhala bwinotu." Anabweza foni. "Mayi, auzeni zoona eni ake. Imbani lero lomwe, akafika mtima utatsika kale."

"Inu muli ndi nyumba yanu, a Siponji."

Dayi anamugulabe, pashopu ya pafupi ndi siteji ya basi, timapaketi tiwiri tofiira ndi kamodzi kabulauni. Anasakaniza m'kapu mpaka mtundu unafanana ndi wa mumsoko uja. Anasankha mkono wa kumanzere, wotuwa wonse uja, n'kupaka ndi mswachi wakale, pang'onopang'ono, motsata ubweya. Uli wonyowa unaoneka bwino moti anaimba kanyimbo. Mawa lake utauma, anapukutapo ndi mpango woyera wa mphunzitsi wina. Mpango unafiira.

Apa ndi pamene anaganiza ngati Nasimbi. Zaka khumi ndi zisanu, chilichonse chovuta pansalu iye ankachithetsa ndi moto. Kolala yopindika, msoko wouma, kandulo yodonthera pa diresi, zonse zinkagonja. Simbi inali isanamuchititsepo manyazi. Ankadziwa kuti velveti siifuna kupanikizidwa, koma anati kutentha pang'ono kungakhomerere mtundu kuti usachokenso, ndipo akayala kansalu konyowa pamwamba, ngati mmene amachitira ndi mathalauza a suti, palibe chingaipe.

Anayala kansalu. Anaika simbi. Anawerenga mpaka zisanu.

Fungo linafika kaye, la tsitsi lopserera losakanikirana ndi jumbo. Atanyamula kansalu, simbi yake inali itadzijambula pamkono wa mpando, nsonga yake, m'mbali mwake, ndi timabowo ta nthunzi tonse. Ubweya unali utasungunuka, pali gwaa, ponyezimira ngati chipsera. Anakanda ndi mswachi, anakanda ndi chikhadabo, anathira nthunzi. Sipanadzuke kanthu.

Masiku otsalawo anakolopa nyumba yonse, kutsuka mazenera, kuchapa makatani ndi kuwasita mpaka m'mphepete mwake mutathwa. Mpando uja anaukankhira pakona, kuseri kwa chitseko, n'kuufunditsa nsalu yoyera kuposa zonse. Kawiri anatenga foni kuti aimbe, kawiri anaibweza m'thumba.

Anafika pa 20 cha m'ma 2 koloko, pa takisi yodzaza masutikesi. Mlongo wake anali atanenepa, dazi litayamba, tsitsi lotsalalo lili nyezinyezi ndi mafuta. Mlamu ndiye anali ataonda. Akakolo anali otupa, padzanja atamanga bandeji yolimba. Zaka zinayi zonsezo ankagwira ntchito kunyumba yosungirako okalamba.

"Alamu anga!" Anamukumbatira Nasimbi mwamphamvu. "Pepani za ababa. Mwavutika nokha, ife tili kutali."

Analowa. Pabalaza panali mdima woziziritsa, makatani ali chitsekere. Mlamu anaima pakati, n'kukoka mpweya.

"Mwaisunga nyumba, alamu. Taona, bambo a kuno, ndinkakuuza ine kuti achemwali ako ndi munthu."

Sanavule n'komwe nsapato. Anakoka nsalu ya pasofa yaikulu n'kuisisita ndi dzanja la bandejilo, uku ndi uku, ubweya ukusintha mtundu pansi pa zala zake. Anavula wachiwiri, n'kukhalapo pang'ono, n'kutseka maso. Kenako anayang'ana pakona.

"Uwu mwaubisiranji kuseri kwa chitseko?"

Nasimbi anali ataima pakhomo la kukhitchini ndi thireyi ya makapu. Anaiika patebulo kuti isagwe.

"Vulani muone."

Nsalu inagwa pansi. Kenako mlamu anapita pazenera n'kukoka yekha makatani onse awiri, dzuwa n'kukhuthukira m'nyumba. Anaukokera mpandowo poyera, n'kuuzungulira.

"Ichi n'chiyani?"

"Ndi dzuwa," anatero Nasimbi. Mawu anatuluka owuma, osanjenjemera. "Ababa ankakhala pamenepo masana aliwonse, zaka ziwiri ndi miyezi isanu. Ankazizidwa. Panja sindikanatha kuwatulutsa, tinagwa pamasitepe. Wapulasitiki anagwa nawo. Ndinatsegula makatani ndine, ndinachotsa nsalu ndine. Mukafuna wokalipira, ndi ine ndili pano."

Mlongo wake anali adakali ndi sutikesi m'manja. Anaiika pansi, n'kuyandikira, n'kuyang'ana mutu wopendekera uja ndi mapewa. Anagwira mzere wofiira wa pamkono ndi zala ziwiri.

"Dzanja linafa lija linali ili?"

"Iwe sukudziwa ndi dzanja lomwe linafa?"

Chikwatirire mlongo wakeyo, Nasimbi anali asanamutchulepo kuti iwe. Mwamunayo anabweza zala ngati wagwira mbaula.

Mlamu sanakuwe. Nasimbi anali atakonzekera kukuwa, anali ndi mayankho ake okonzeka, akuthwa. Koma mayiyo anangokhala pamkono wa sofa yaikulu, chinthu chimene malamulo ake sakanalola, n'kuyamba kumasula bandeji.

"Alamu, mukudziwa ntchito imene ndimagwira kuja? Kunyamula madala a eni ake. Kuwasambitsa, kuwapukuta, kuwadyetsa akundilavulira. Dzanja ili linathera pamenepo. Msana ukandigwira ndinkalowa m'chimbudzi, kutseka maso, n'kumaona mipando yangayi. Ndinkati ndikadzapita kwathu ndidzakhala pofewa, ine, osadzukira munthu. Ndiye mukuganiza kuti sindidziwa kuti nkhalamba imafuna dzuwa? Masana aliwonse ndinkawakankhira pazenera, khumi ndi awiri, kuwandandalika ngati zovala pachingwe."

"Ndiye mukudziwa chifukwa chake."

"Ndikudziwa. Bwanji simunandiuze?"

"Mukanalola?"

Mlamu anakulunga bandeji pachala.

"Kaya," anatero. "Mwina ndikanalira kaye. Mwina ndikanati tipeze mpando wina wa mikono, mwina ndikanati apongozi akhalepo basi. Sindikudziwa, chifukwa simunandifunse. Munandiyesa chilombo chokonda nsalu kuposa munthu, n'kundiweruza nokha. Ndiye Lamlungu lililonse ine ndatopa, ndikuimba, inu n'kumandizungulizira foni. 'Mmene munanenera muja.' Ine n'kumauza anzanga kuti ndili ndi mlamu wa golide."

Anaimirira n'kuloza mkono wa kumanzere, pamene panali simbi ija ndi dayi wa mawangamawanga.

"Nanga ichi? Ichinso ndi dzuwa? Ichinso ndi ababa?"

Mayankho onse aja amene Nasimbi anakonza anali a funso lina.

"Ichi n'chaposachedwa, dayi akununkhabe," anapitiriza mlamu. "Apa panalibe wodwala, panalibe wozizidwa. Apa munali inu nokha ndi simbi yanu, mukufuna kundipusitsa komaliza. Za ababazi ndikanameza, alamu. Ichi ayi."

"Mayi a kuno, tangofika kumene," anatero mwamuna wake. "Timwe kaye tiyi."

"Imwa." Sanamuyang'ane. "Ndinanena ndekha kuti chipinda cha kuseri ndi chanu mpaka kalekale. Ndikubweza mawu. Sindingagone nyumba imodzi ndi munthu amene ndizimufufuza kuseri kwa zitseko. Mwezi ukatha mukhale mutapeza kwina."

Nasimbi anayang'ana mlongo wake. Anamubereka kumsana ali mwana ameneyu, anamupukuta mamina, anasiya sukulu kuti iye apitirize. Mwamunayo anali akuyang'ana makiyi a sutikesi, akuwatembenuza ngati ndi achilendo.

"Achemwali, tiyeni tidzakambirane mawa, mitima itatsika."

Mawa la mlongo wake ankalidziwa. Ndi lomwe lija ankati adzabwera kumaliro, osaoneka.

"Palibe chokambirana," anatero Nasimbi. "Alamu anena zomveka. Tiyi akuzizira uyo."

Ananyamula thireyi kuti akatenthetsenso madzi. Ali pakhomo la kukhitchini, mlamu anayankhula kumbuyo kwake, mawu atatopa.

"Mpandowo mudzatenge. Sindingakhale pabalaza apongozi akundiyang'ana."

Chipinda anachipeza kuseri kwa malo owotcherera zitsulo, mabasi awiri kuchokera kumsewu wake wakale. Mwini famase ndi anamwino awiri anati azimutsatira. Ena onse anati n'kutali, ndipo sanawaimbe mlandu. Tsiku losamuka mlamu anamuthandiza kupinda zofunda, n'kumuikira makapu anayi m'katoni, osayankhulana. Pepala la malamulo lija linali litachotsedwa kuseri kwa chitseko, patangotsala timatepi tinayi.

A Siponji anabwera ndi kagalimoto kawo kotulutsa utsi kudzanyamula katundu. Ataona mkono wa kumanzere uja anaimba mluzu.

"Mwasainiratu, a Nasimbi. Ndinati chiyani ine?"

"Munati dayi. Za simbi simunanene."

"Ndikanadziwa bwanji kuti pali munthu wosita sofa?" Anamangirira chingwe. "Ndili ndi nsalu yabulauni yotsala kwa loya wina. Ndikuvekereni, ukhala ngati watsopano."

"Ndidzakuuzani."

Chipindacho chinali chaching'ono moti bedi, tebulo lositira ndi mpando zitalowa, munthu ankayenda chammbali. Mpando unakwana malo amodzi okha, moyang'anizana ndi kazenera ka kummawa. Tsiku loyamba Nasimbi anadzuka, anapita kukatunga madzi pampopi wa panja, ndipo pobwera anapeza dzuwa litalowa kale. Linali litagwera pachotsamira penipeni, paphewa lofiira lija, likutsikira pachifuwa.

Anaima ndi ndowa m'manja, akuyang'ana. Madalawo akanakondwa nalo dzuwa limenelo. Koma madalawo kunalibe. Panali nsalu chabe, ndipo a Siponji anati ofiira ndi amene amayamba kuthawa.

Anatula ndowa. Anatenga bulangeti lake lokhuthala, lomwe linali limodzi lokhalo, n'kukapempha misomali inayi ndi hamala kwa owotcherera aja. Anakhomera bulangetilo pazenera, n'kutseka ndi timipata ta m'mbali. Kuyambira tsikulo ankasita ndi babu woyaka masanasana, thukuta lili kamukamu, chitseko chotsegula pang'ono.

Patatha masabata atatu kunabwera mlongo wake, Loweruka m'mawa, atanyamula jumbo ya malaya. Anaima pakhomo akuphethira, maso asanazolowere.

"Alamu anu sakudziwa kuti ndabwera," anatero. "Dzanja lija likuwavuta, sakutha kusita."

"Ikani apo. Lachiwiri."

"Muli bwino koma, achemwali? Bwanji mukukhala mumdima chonchi?"

"Mpando ungasuluke."

Anaseka pang'ono, kuyesa ngati ndi nthabwala. Nasimbi sanaseke. Ananyowetsa chala, n'kugunda simbi kuti amve ngati yatentha, n'kuyala kolala ya mwini famase. Mlongo wake anayang'ana uku ndi uku pofuna pokhala. Pabedi panali zovala za anthu zopindidwa kale. Anayang'ana mpandowo nthawi yaitali, kenako anatembenuka n'kuyamba kutsika pang'onopang'ono, ngati munthu wolowa m'madzi ozizira.

Nasimbi sanadzutse mutu pa kolala ija.

"Khala kutsogolo kwenikweni," anatero. "Wadzola mafuta m'mutu iwe. Usatsamire."